Mwana wa mtchona pa bwalo la ku Wakanda

Mvula ikagundika kuno ku Zolozolo malonda amaima, ndiye ambiri timathawira pakhonde la mnyamata wina woika mafilimu m'mafoni. Pamenepo ndi pamene pamakhala bwalo la milandu ya anthu ouluka. Anyamata a kabaza, ana a sukulu, ngakhale azibambo a mabanja awo, amakangana mpaka mitsempha kutuluka m'khosi. Thor ndi Superman atagwirana angagwe ndani? Batman ndi ngwazi kapena ndi mwana wa bwana chabe amene ndalama zamuchulukira? Wina akuti Marvel inatha tsiku limene Iron Man anafa, mnzake akuti za DC ndi mdima wokhawokha, ukamaonera pa foni masana umangoona nkhope yako. Ine nthawi zambiri ndimangomvetsera. Mkangano woti wamphamvu ndani uli ngati wa Bullets ndi Wanderers, sudzatha.

Koma sabata yathayi nkhani inakhotera ku Black Panther, ndiye pakamwa panandiyabwa. Mnyamata wina amati Killmonger anali mfiti, anayenera kufa basi. Mnzake amati ayi, Killmonger ndiye anali mwamuna, T'Challa anali mfumu yofooka yodalira zovala za mlongo wake. Ine ndinati nonse awiri mukuyang'ana zibakera, nkhani mwaisiya. Anaseka, eti, "Amayi a usipa nawonso akudziwa za Marvel?" Mvula inakata ndisanamalize, ndiye ndati ndimalizire kuno.

Kwa amene simunaionere, filimuyi inatuluka mu 2018, anaitsogolera ndi Ryan Coogler. Wakanda ndi dziko longopeka la mu Africa muno limene azungu sanalilamulirepo. Lili ndi chitsulo chodabwitsa chotchedwa vibranium, ndipo linabisa chuma chake n'kumanamizira umphawi kuti alendo asalilowerere. Nkhani imayambira ku Oakland ku America mu 1992. N'Jobu, mng'ono wake wa mfumu T'Chaka, anatumidwa kumeneko ngati kazitape. Ataona mmene anthu akuda akuzunzikira, anayamba kuthandiza kuba vibranium kuti awapatse zida. Mfumu inamutsatira, mkangano unabuka, ndipo T'Chaka anapha m'bale wake. Choipitsitsa n'chakuti N'Jobu anali ndi mwana wamwamuna amene ankasewera mpira panja pa nyumbayo, ndipo mfumu inanyamuka osamutenga, kuti chinsinsi chisaululike. Mwana uja ndi amene anakula n'kukhala Killmonger, msilikali wakupha anthu osaphethira. Anadzafika ku Wakanda atanyamula mphete ya agogo ake, kudzalanda mpando kwa T'Challa, mwana wa mfumu ija.

Tachotsani ndege zosaoneka ndi zovala zosalowa chipolopolo, muone chimene chatsala. Munthu anapita kunja, osabwerako. Anabereka mwana ndi mkazi wa kumeneko. Akumudzi ankadziwa koma anakhala chete. Mwana wakula, wabwera ndi chizindikiro cha bambo ake m'manja, akufunsa malo ake. Abale, imeneyi si nkhani ya ku Hollywood. Ameneyu ndi mwana wa mtchona.

Kuno kumpoto n'kovuta kupeza banja lopanda mtchona. Azigogo athu ankayenda wapansi kupita ku migodi ya ku Joni ndi ku Rhodesia, ena ku mkuwa ku Zambia. Kenako kunabwera Wenela yomawanyamula pa ndege, mpaka ngozi ya ku Francistown mu 1974 imene inapha Amalawi oposa 70 akubwerera kwawo. Ambiri ankabwerako ndi njinga, wailesi ndi chifuwa. Ena sanabwereko, anakwatira konko, ana awo ali ndi maina a Phiri, Banda, Chirwa, Nyirenda koma nsima ya kondowole sanailawepo. Ndipo sizinathe. Lero lino mabasi akunyamulabe anyamata a ku Mzimba kupita ku Joni, ndipo ana akubadwabe kumeneko amene agogo awo amangowaona pa WhatsApp.

Kwathunso zinachitika. Bambo anga aang'ono anapita ku Zimbabwe ine ndisanabadwe, anamwalira konko, ife tinangomva uthenga. Patapita zaka kunatulukira mnyamata wamtali, chipumi chake cha agogo athu chenicheni, moti azakhali atangomuona analira ngati maliro agwa kumene. Ankayankhula Chishona ndi Chingerezi, Chitumbuka ankangodziwa moni. Masiku oyamba tinamuphera nkhuku, tinamuonetsa manda, aliyense akumutchula dzina la bambo ake. Tsiku limene anafunsa kuti munda wa bambo ake unali pati, nkhope zinasintha. Palibe anamutukwana, palibe anamuthamangitsa. Anthu anangoyamba kutanganidwa, uyu ali kudimba, uyu ali kuchigayo, mafunso ake akuyankhidwa ndi "tidzakambirana". Anakhala masabata awiri n'kubwerera. Ine ndinali mtsikana, koma ndinkadziwa bwinobwino amene ankalima mundawo, chifukwa chimanga chake ndinkadya nawo.

N'chifukwa chake chithunzi chimene chimandigwira mu filimuyi si nkhondo ya kumapeto ija. Ndi pamene Killmonger amulowetsa m'bwalo la mfumu manja ali omangidwa, akuluakulu atakhala mozungulira, iye n'kumawauza kuti amufunse dzina lake. T'Challa akulidziwa kale dzinalo, koma sakufuna kuti litchulidwe pagulu. Kachetechete ameneyo ndimamudziwa, ndi yemwe uja wa "tidzakambirana". Mwanayo atatchula dzina lake lenileni, N'Jadaka mwana wa N'Jobu, m'chiyankhulo cha makolo ake, n'kupereka moni kwa mayi a mfumu monyogodola, Michael B. Jordan amasewera bwino kwambiri. Mukumwetulira kwake muli mwano, koma m'maso muli kamwana kaja kamene kanasiyidwa pa bwalo la mpira.

Anzathu a ku chikamwini mwina mungaone mosiyana, poti kwanu ufumu umatsata kuchikazi, umapita kwa mwana wa mlongo. Koma kwa Atumbuka ambiri ndi Angoni a ku Mzimba mwana ndi wa kuchimuna, ndipo Wakanda nayo ikuyenda choncho, mpando ukuchoka kwa bambo kupita kwa mwana. Pa mwambo umenewo mnyamatayu sakupempha chifundo. Magazi ake ndi omwewo a T'Challa, agogo awo ndi mmodzi. Filimu nayo ikuvomereza, n'chifukwa chake akumulola kupikisana pa mathithi paja.

Tsono pali china chimene anyamata a pakhonde paja sankachidziwa, ndipo nditawauza anayamba kufufuza m'mafoni mwawo kuti andigwire bodza. Pakati pa akuluakulu okhala m'bwalo lija pali mayi wina wa tsitsi lopaka dothi lofiira, mtsogoleri wa fuko la okumba migodi. Mayi ameneyo ndi Connie Chiume, katswiri wa zisudzo wa ku South Africa amene ena munamuona mu Rhythm City ndi Gomora. Anabadwa mu 1952 ku Welkom, tauni ya migodi ya golide. Mayi ake anali Mzulu, koma bambo ake anali Mmalawi wochokera ku Usisya m'boma la Nkhata Bay, konkuja kumene ukafuna kukafika uyenera kusankha pakati pa Ilala ndi msewu wotsetsereka woduka mtima. Anamwalira mu Ogasiti 2024 ku Johannesburg. Ndiye taganizani, pa bwalo loweruza mwana wobadwira kunja pakhala mwana weniweni wa Mmalawi wobadwira kunja. Ine sindingaonere chithunzi chimenecho popanda kuganiza zimenezi. Ndipo kunena zoona, ambiri a ife kuno tinayamba kumutchula kuti "wathu" atatchuka. Ana a matchona amene sanaonekepo pa kanema palibe amawalimbirana.

Apa ndiye pamene ndimayambana ndi Coogler. Wautsa funso lolemera chonchi, koma kenako akuliopa. Mwana wolakwiridwa uja akumusandutsa chilombo msangamsanga kuti ife oonera tisavutike mumtima. Asanafike n'komwe ku Wakanda wawombera kale chibwenzi chake ngati akupha nkhuku. Atangotenga mpando akukanyanga pakhosi mayi wachikulire wosamalira zitsamba zopatsa mfumu mphamvu, n'kulamula kuti munda wonse wa zitsambazo autenthe. Kenako akufuna kutumiza zida dziko lonse lapansi. Ukafika pamenepo umaiwala zoti mnyamatayu anali ndi mlandu womveka, umangofuna kuti wina amuletse. Ndi mmene timachitira kumudzi: wobwera kudzafunsa za munda tikamupeza ataledzera kamodzi, basi, tapeza chifukwa. "Mwamuona? Munthu wotere tingamupatse malo?" Kuledzera kwake n'koona, koma munda uja sunasiye kukhala wa bambo ake.

Wina anganene kuti munthu wokulira m'masiye, wophunzitsidwa kupha ndi asilikali a ku America, sangabwere ndi maluwa m'manja. Ndikuvomera, ndipo filimu imanena poyera kuti kugwetsa maboma ndi kutentha za eni ake ndi ntchito imene anamuphunzitsa kumeneko. Koma taonani amene akutifotokozera zimenezo: Everett Ross, kazitape wa CIA, bungwe lomwelo la ntchito zoterezi. Iyeyo Wakanda ikumuchiritsa msana, ikumudyetsa, pamapeto ikumupatsa ndege kuti agwetse ndege zinzake za ku Wakanda. Mlendo wa khungu loyera walandiridwa ndi mankhwala, mwana wa pakhomo walandiridwa ndi unyolo. Mwina Coogler ankafuna kuti tione zimenezi n'kukhumudwa. Koma mmene filimu ikumukondera Ross, kumupatsa nthabwala ndi ungwazi, ine ndikuona ngati eni ndalama sanafune kukwiyitsa aliyense.

Chimene chikusowa m'bwalo lija ndi malonje. Kwathu mlendo, olo akhale wobwera ndi mlandu, amayamba wapatsidwa mpando ndi madzi, kenako amafotokoza za ulendo wake, eni mudzi n'kufotokoza zawo. Nkhani ikakhala yolemera amaitana azakhali ndi amalume, amagona nayo, mawa n'kuyambiranso. Wakanda tikuuzidwa kuti inasunga miyambo yake yonse chifukwa atsamunda sanaipondemo. Zovala inasungadi, mabulangete a Chisotho, mikanda, mphete za m'khosi, mpaka Ruth Carter amene anakonza zovalazo anapata Oscar, ndipo anayeneradi. Chiyankhulo akugwiritsa Chixhosa, chimene John Kani wosewera T'Chaka anabwera nacho. Koma pa nkhani ya ufumu, dziko lanzeru chonchi lilibe njira ina koma kuti amuna awiri avule malaya n'kumenyana m'mphepete mwa phompho? Akuluakulu aja, ndi mayi Chiume omwe, ntchito yawo n'kungoonerera ndi kugwedeza mapewa. Ufumu umavutadi kwathu kuno, milandu yake imafika mpaka ku khoti, koma sindinamvepo kuti Inkosi ya Makhosi kapena Kyungu anasankhidwa pa nkhonya. Africa wa mu filimuyi wavala bwino, koma kaweruzidwe kake n'ka m'mabuku a zithunzi a ku America, kumene Stan Lee ndi Jack Kirby anamupekera Black Panther mu 1966.

Ndisaname, pali malo awiri amene filimuyi imafika pa mtima penipeni pa nkhaniyi, ndipo onse ndi a kwa mizimu. Mfumu yatsopano ikamwa chitsamba chija imakwiriridwa, n'kukakumana ndi makolo ake. T'Challa amakapeza dambo lokongola, mtengo, ndi mafumu akale. Killmonger atamwa, sakupita ku dambo kuja. Akupezeka m'kanyumba komwe kaja ka ku Oakland, bambo ake ali okhaokha, kuwala kwa ku mizimu kukungoonekera pawindo. Mtchona ngakhale atafa sanafike kwawo. Ine pamenepo ndinaimitsa filimu. Ndinakumbuka kuti manda a bambo anga aang'ono palibe wa kwathu anakawaonapo, ndipo tikamatchula akufa athu pa mwambo dzina lawo limabwera kumapeto, wina akakumbutsa. Sterling K. Brown, amene akusewera N'Jobu, amangogwetsa misozi mwakachetechete poona chimene mwana wake wasanduka, ndipo mphindi zochepa zimenezo zimaposa nkhondo yonse ya zipembere ija.

Malo achiwiri ndi pamene T'Challa akubwerera kwa mizimu n'kukadzudzula bambo ake pamaso pa makolo onse, kuwauza kuti analakwa kusiya mwana. Inu mukudziwa kulemera kwa zimenezi. Ife wakufa sitimutsutsa, zolakwa zake timakwirira naye limodzi. Amene amati T'Challa ndi wofooka sanaone kuti apa ndi pamene pali mphamvu yake yonse. Kumenya mdani aliyense wa mu Marvel amatha, koma kuuza bambo ako omwe unkawapembedza kuti munachimwa, ndi angati? Chadwick Boseman ankasewera ufumu mofatsa, osakuwa, ngati munthu woti akumvetsera kaye. Tinadzadziwa atamwalira mu Ogasiti 2020, ali ndi zaka 43, kuti nthawi yonseyo ankadwala khansa ya m'matumbo osauza dziko. Ndikaonera tsopano kufatsa kuja ndimakuona mwina.

Vuto lina n'lakuti ambiri pakhonde paja anaonera yomasulira m'Chichewa. Sindikunyoza omasulira athu, amatithandiza, ndipo nthabwala zawo nthawi zina zimaposa filimu yeniyeniyo. Agogo amene sadziwa Chingerezi amaonera Avengers chifukwa cha iwo. Koma womasulira amadana ndi chete. Pamene anthu awiri akungoyang'anana, iye amaona ngati mpata woponyapo nthabwala kapena kulengeza malonda ake. Imene ndinaonera ine, pa chithunzi cha bambo ndi mwana chija womasulira anali kalikiliki kuseka tsitsi la Killmonger. Ndiye mnyamata akamati munthuyu anali mfiti chabe, sindimudabwa kwambiri. Mbali imene ikanamuonetsa kuti ndi mwana wamasiye inamira m'phokoso.

Mathero ake ndiye amandisiya ndi njala. Killmonger walasidwa, T'Challa akumunyamula kukamuonetsa kulowa kwa dzuwa kumene bambo ake ankamusimbira, akumuuza kuti akhoza kumuchiritsa. Iye akukana, akusankha imfa kusiyana ndi ndende, ndipo akupempha kuti akamutaye m'nyanja mmene munamira makolo a anthu akuda othawa ukapolo. N'zokhudza mtima, inde. Koma onani mmene zawakhalira bwino a ku Wakanda. Mwana wovuta uja wadzichotsa yekha, sipakhalanso mlandu, sipakhala kupepesa pagulu, ngakhale manda ake sakhala pamudzi kuti azikumbutsa anthu. Kenako T'Challa akupita ku Oakland kukagula nyumba ija kuti akatsegule malo othandizirapo ana. Zabwino ndithu, koma zikufanana ndi mabungwe aja obwera ndi magalimoto oyera. Kuthandiza ana a eni n'kosavuta kusiyana n'kugawana munda ndi mwana wa m'bale wako.

Ndipo mu filimu yachiwiri, Wakanda Forever ya mu 2022, imene anaipanga Boseman atamwalira, kumapeto kwenikweni tikuuzidwa kuti T'Challa naye anasiya mwana wamwamuna, akukulira ku Haiti ndi mayi ake Nakia, mobisa, anthu a ku Wakanda osadziwa. Anyamata pakhonde paja amasangalala nazo, akuti Black Panther watsopano wapezeka. Ine ndinagwira pakamwa. Mwana winanso wa magazi a ufumu akukulira kutsidya kwa nyanja, ndi dzina lina la kunja lina la kwawo, ngati mmene zinalili ndi N'Jadaka. Kusiyana kwake n'kwakuti uyu ali ndi mayi ake, agogo ake aakazi anamuonapo, ndipo azakhali ake a Shuri apita okha kumene ali n'kukhala naye pansi. Mwina pamenepo Coogler akukonza chimene chinalakwika poyamba. Koma tsiku limene mwanayo adzafike pa bwalo lija n'kufunsa mpando, akulankhula Chixhosa chopotoka, ndidzafuna kuona ngati akuluakulu aja adzamupatse madzi akumwa kaye.

Mbale wanga wa ku Zimbabwe uja ndinamupeza pa Facebook chaka chatha. Ali ndi ana awiri, wamkulu anamupatsa dzina la agogo athu. Timalemberana moni wa Khirisimasi, amandifunsa za mvula, ine ndimamufunsa za ana. Za munda sanazitchulenso, ndipo amene akulima pano ndi mchimwene wanga weniweni, chimanga chake ndi chimene ndikudyetsa ana anga kuno ku Zolozolo. Ndayambapo kawiri kulemba uthenga woti abwere tidzakambirane, kawiri konse ndafufuta, chifukwa mawu amenewo anawamvapo kale.